BAWUTI IKATHYOKERA M'INJINI, MUSATHAMANGIRE KUBOOLA

Mawu olankhulidwa kwa makomiti a m'madoko, eni maboti ndi alovi

Tikudziwa kuti ena mwa inu mwachezera panyanja usiku wonse ndipo tulo tili m'maso, choncho tilowa m'nkhani mosazungulira.

Nkhani yathu lero ndi ya kachitsulo kakang'ono kosaposa chala chanu, bawuti ya m'injini. Tikamayenda m'madoko, kuchokera ku Makanjira, Msaka, Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, timapeza injini za maboti zitagonekedwa m'nyumba, zina zitafundidwa ziguduli, zakhala miyezi osalira. Tikafunsa, nthawi zambiri yankho limakhala lakuti bawuti inathyokera m'kati, makanika anayesa kuichotsa, ndiye buloko inawonongeka. Mukaonetsetsa mupeza kuti bawutiyo mtengo wake sufika ngakhale wa lita imodzi ya petulo. Koma chitsulo chimene bawutiyo yakhazikikamo, kaya ndi hedi, buloko kapena mwendo wa injini, ndi cha ndalama zambiri, ndipo kuti muchipeze mungafunike kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwinanso kuitanitsa kunja. Chimene chimapha injini kawirikawiri ndi zimene anthu amachita mu ola loyamba bawuti itangothyoka, mtima uli m'mwamba, alovi akudikira, dzuwa likupendeka.

Tiyambe ndi chifukwa chake bawuti imakanirira. Injini za maboti zimene ambiri tili nazo, monga Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, 25 kapena 40, thupi lake ndi la aluminiyamu, pamene mabawuti ake ndi achitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhala pamodzi m'chinyezi kwa nthawi yaitali, aluminiyamu amayamba kudyeka pang'onopang'ono n'kumatulutsa ufa woyera ngati phulusa. Ufa umenewu mwauona mukamasula bawuti yakale. Limeneli ndi dzimbiri la aluminiyamu, ndipo limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, motero limafufuma m'kati mwa bowo n'kuigwira bawuti ngati simenti. Si m'mazinga mokha. Nthawi zina limagwira thunthu lonse la bawuti pamene yadutsa m'chivundikiro. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndiye vutoli limabwera mochedwa kuno kusiyana ndi ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Komabe limabwera. Ndipo ngati munagula injini yogwirapo kale ntchito, yomwe mwina inayendapo m'nyanja ya mchere, muyembekezere kuti bawuti iliyonse imene sinamasulidwepo ikuvutitsani.

Mabawuti amene amathyoka kwambiri ndi ang'onoang'ono, omasula ndi sipanala ya 10, amene m'mabuku amalembedwa M6, ndi a sipanala ya 12, amene ndi M8. Amapezeka pa pampu ya madzi, pa chivundikiro cha ekizozi, pa hedi, ndiponso pamene mwendo wa injini walumikizana ndi giyabokosi. Bawuti ya M6 ndi yonenepa mamilimita 6 okha. Mwamuna wozolowera kukoka chilimira angathe kuipotokola ndi dzanja limodzi osadziwa n'komwe. Ndiye tikaona munthu wavala paipi kumapeto kwa sipanala ya 10 kuti awonjezere mphamvu, timadziwiratu kuti pakhala maliro a injini.

Bawuti imachenjeza isanathyoke. Ikamamasuka bwino, imayamba ndi kulira kuti "tha", kenaka n'kumazungulira. Koma ikamafuna kuthyoka, sipanala imayenda mofewa, ngati mukupotokola nzimbe, ndipo mukaisiya imabwerera pang'ono. Mukamva zimenezo, imani pomwepo. Mutu ukuzungulira koma kunsi sikukuyenda. Menyani mutu wa bawutiyo ndi hamala kangapo, molunjika, kuti dzimbiri la m'kati liphwanyike. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, kapena palafini wosakaniza ndi oyilo ngati mulibe, ndipo muwapatse nthawi. Kenaka yesani kumanga pang'ono, n'kumasula pang'ono, kumanga, kumasula, mpaka iyambe kuyenda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona ndithu.

Tsopano tinene kuti yathyoka. Choyamba, ikani zida pansi. Tsekani mabowo onse otseguka ndi nsanza zoyera, makamaka ngati hedi yachotsedwa, kuti tizidutswa ta chitsulo tisagwere m'silinda kapena m'njira za madzi. Injini ichotsedwe pamchenga, ipite pamthunzi, pa thabwa kapena pa lona. Mukatero yang'anitsitsani chitsa chimene chatsala. Kodi chatulukira kunja, chalingana ndi thupi la injini, kapena chathyokera m'kati mwa bowo? Funsaninso kuti yathyoka pomanga kapena pomasula. Funso limeneli ndi lofunika kwambiri. Bawuti imene yathyoka pomanga, chifukwa chokhwimitsa kwambiri, nthawi zambiri siinagwidwe ndi dzimbiri, ndipo mutu ukachoka chitsacho chimakhala cholobodoka. Chotere mungathe kuchizungulitsa ndi panchi yosongoka, kuigogoda pang'onopang'ono m'mphepete mwa chitsa molowera kumanzere, chimatuluka chokha. Koma imene yathyoka pomasula ndiye kuti yamatirira. Ngati mutu wake wathunthu walephera kuizungulitsa, kachida kakang'ono sikangathe pokhapokha mutayamba mwagonjetsa dzimbirilo.

Chimene chimagonjetsa dzimbiri loyera lija ndi moto. Mafuta amathandiza pa dzimbiri lofiira la chitsulo, koma loyerali salilowa msanga. Aluminiyamu akatenthedwa amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho mukatenthetsa malo ozungulira bawuti, bowo limakula kuposa bawutiyo ndipo imapeza mpata. Koma pali zoopsa ziwiri. Choyamba ndi petulo. Thanki, paipi ya mafuta ndi kabuleta zichotsedwe ndipo ziikidwe kutali, chifukwa mpweya wa petulo umayaka ngakhale madzi ake simukuwaona. Chachiwiri n'chakuti aluminiyamu sachenjeza. Chitsulo chikatentha chimafiira, koma aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 asanaoneke kufiira, amangoti phwa, bowo latha. Ndiye moto uziyendetsedwa mozungulira, usaime pamodzi. Mukadonthezapo madzi n'kuona kuti akuwira nthawi yomweyo n'kuuma, kwatentha mokwanira. Mphira ndi mapulasitiki onse apafupi achotsedwe kaye. Ngati chitsa chatulukira kunja, chisalazeni mbali ziwiri ndi tupa, muchigwire ndi pulayala yokhoma, ndipo muchigwedeze uku ndi uku kukadali kotentha. Chikakana, chisiyeni chizizire, thirani mafuta, mubwerezenso. Kubwereza katatu kapena kanayi si kulephera ayi.

Njira imene ife timailimbikitsa kwambiri, makamaka chitsa chikalingana ndi thupi la injini, ndi yowotcherera nati. Pafupifupi pa malo ochitira malonda alionse pamene pali magetsi pali mnyamata wowotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo, ndipo ntchito iyi angaithe mutamufotokozera bwino. Amaika washala pamwamba pa chitsa, bowo la washalayo likhale laling'ono pang'ono kuposa bawuti, n'kuwotcherera chitsa ku washala. Kenaka amaika nati pamwamba pa washala n'kudzaza m'kati mwake. Pamenepo bawuti yapeza mutu watsopano. Ubwino wake ndi uwiri. Kutentha kwa kuwotchererako kumalowa m'bawuti momwemo n'kuswa dzimbiri, ndiponso chitsulo chowotcherera sichimamatira ku aluminiyamu, motero thupi la injini limatsala bwinobwino ngati wowotchererayo sakhalitsa pamodzi. Musazungulitse nati ikadali yofiira, chifukwa chitsulo chofiira ndi chofewa, chingopotoka. Dikirani kufiirako kuthe. Nati ikathothoka, musataye mtima, wotchereraninso ina. Nthawi iliyonse mukabwereza, dzimbiri likunka lifooka, ndipo timaona kuti kawirikawiri bawuti imagonja pa nati yachiwiri kapena yachitatu. Ngati chitsa chili m'kati pang'ono, wodziwa ntchito amayamba wachikweza ndi timadontho ta kuwotcherera mpaka chifike pamwamba.

Koma wowotchererayo muzimuyang'anira pa zinthu izi. Chopanira cha waya wobwerera, umene iwo amati ethi, achiike pafupi penipeni ndi bawutiyo. Akachiika ku pulopela kapena ku fulayiwilo, magetsi amadutsa m'mabering'i n'kuwasiyira timabala, ndipo pakapita masabata ochepa injini imayamba kulira mwachilendo. Komanso kabokosi ka CDI, kamene kamapereka moto ku mapulagi, kazulidwe mawaya ake onse ntchito isanayambe. Kakapsa kameneko mwagula vuto lina lodula.

Kuboola ndi dirilo kukhale kotsiriza, ndipo apa ndi pamene injini zambiri zimafera. Bawuti ndi yolimba, aluminiyamu woizungulira ndi wofewa. Dirilo, monga madzi, imathawira kofewa. Ikangoyamba pambali pang'ono, imatsetsereka pa chitsulo n'kuyamba kudya thupi la injini, ndipo wogwira dirilo amangomva kuti ikulowa bwino, n'kumakondwa. Akadzaima, bawuti ili chikhalire ndipo pambali pake pali dzenje. Choncho pamwamba pa chitsa payambe pasalazidwa, ndipo kachizindikiro ka panchi kakhale pakati penipeni. Tengani nthawi pamenepa, yang'anani mbali zonse. Kakakhala pambali, kakankhireni pakati ndi panchi yomweyo musanagwire dirilo. Chitsa chikakhala m'kati mwa bowo, bwezeretsani chivundikiro chake n'kuchimanga ndi mabawuti otsalawo, mulowetse kapaipi kothina m'bowo la chivundikirocho, kuti kapaipiko katsogolere dirilo molunjika. Pakhale munthu wachiwiri woyang'ana chapambali kuti dirilo isapendekeke.

Yambani ndi dirilo yaying'ono ya mamilimita 3, muzikweza pang'onopang'ono. Pa bawuti ya M6 musapitirire mamilimita 5. Pa M8 musapitirire 6.8. Mukafika pamenepo, ngati munayamba pakati, chotsala cha bawuti chimakhala ngati kawaya kozungulira m'mazinga, ndipo mumakatola ndi kachitsulo kosongoka. Kenaka mumapititsamo tapu yotsukira mazinga. Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, mukuikanikiza, mukuthira oyilo. Mabawuti ambiri akunja kwa injini za maboti ndi achitsulo chosachita dzimbiri, ndipo chitsulo chimenechi mukachipekesa ndi dirilo yothamanga chimalimba kwambiri pamalo pomwepo, mwakuti dirilo ina iliyonse imangotererapo. Kuya kwake nakonso muyeze. Tengani bawuti inzake, muone pamene imalekezera, muzenge kansalu kapena tepi pa dirilo. Kuseri kwa mabowo ena kuli njira ya madzi oziziritsa injini, ndipo mukaboola mpaka kumeneko mwatsegula chitsime.

Kuli madirilo ena amene amadula pozungulira chakumanzere, mbali yomasulira bawuti. Amenewa ndi abwino kwambiri chifukwa pamene akuboola akumasulanso, ndipo nthawi zina chitsa chimangotuluka chitakakamira ku dirilo. Amafuna makina oboolera otha kubwerera m'mbuyo.

Tinenepo za kachida kamene amakanika amati easy-out, kosongoka ngati karoti, kamene amakakhomera m'bowo la bawuti n'kumazungulitsa. Dzina lake ndi lokoma koma ife sitikakhulupirira kwenikweni. Pa bawuti yolobodoka, yothyoka pomanga, kamagwira ntchito. Pa yomatirira ndi dzimbiri kamachita ziwiri. Pamene kakulowa kamafufumitsa chitsa n'kuchithinitsa kwambiri m'bowo. Ndiponso ndi kachitsulo kouma gwa ngati galasi, sikapindika, kamangothyoka. Kakathyokera m'kati, dirilo wamba singakaboole, ndipo ntchito imene ikanatha pa doko pompano isanduka ulendo wa kutauni ndi buloko pamutu. Ngati mukagwiritsa ntchito, gwiritsani chogwirira chachifupi, ndipo mukamva kuti kakupotoka, siyani.

Mazinga akawonongeka sikuti zonse zatha. Kuli timawaya tozungulira ngati sipuling'i, todziwika ndi dzina la Helicoil, timene timalowetsedwa m'bowo lokulitsidwa pang'ono n'kubwezeretsa mazinga a saizi yomweyo yakale. Timabwera ndi dirilo yake ndi tapu yake. Tikaikidwa bwino m'aluminiyamu timagwira molimba kuposanso mazinga oyamba aja. Ena amakulitsa bowo n'kuika bawuti yaikulupo, M8 pamene panali M6. Zimatheka pamene pali mnofu wokwanira, koma pambali pa njira ya madzi kapena m'mphepete mopyapyala buloko imang'aluka.

Tsopano tilankhule za chimene chimatidetsa nkhawa koposa. Bawuti ikakanika kutuluka, ena amangoti zitatu zatsalazi zigwira, n'kutseka injini. Ena amazenga ndi malegeni kapena waya, ena amamata mutu wothyokawo ndi guluu kuti mwini injini asaone. Amayi ndi abambo, injini yotere imalira bwino pa doko, koma imakasiya anthu pakati pa nyanja. Pampu ya madzi ikasowa bawuti imodzi, chivundikiro chimapendekeka, madzi amathawira pambali osakwera m'mwamba, ndipo injini imatentha mpaka pisitoni kugwira. Pa hedi, gasiketi imapsa pamalo posowa bawutipo ndipo madzi amalowa m'silinda. Inu mukudziwa kuposa ife chimene chimachitika injini ikazima nthawi ya mwera, kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, boti litadzaza usipa ndi ukonde wonyowa. Boti lopanda injini limatembenukira chammbali ku mafunde. M'botimo muli ana a anthu. Choncho tikunena mosabisa kuti injini yosowa bawuti pa pampu, pa hedi kapena pa mwendo isalowe m'madzi, ngakhale nsomba zitachuluka bwanji usiku umenewo. Ndipo mukangoliza injini, musanachoke pa doko, yang'anani timadzi timene timatuluka kumbuyo kuja. Ngati sitikutuluka mwamphamvu, zimitsani.

Kwa eni maboti, amayi ndi abambo omwe, tili ndi pempho. Mlovi kapena makanika akathyola bawuti n'kubwera kudzakuuzani, musamukalipire kapena kumudula malipiro a ulendo wonse. Mukatero, tsiku lina adzabisa, ndipo chobisikacho ndi chimene chidzamize boti lanu. Bawuti ya zaka zisanu m'chinyezi ingathyokere aliyense. Komanso musanapereke injini kwa makanika, mufunseni kuti ikakana achita chiyani, ndipo ali ndi zida zanji. Amene yankho lake loyamba ndi lakuti tiboola, ndipo m'thumba mwake muli dirilo imodzi yobuntha, mumuthokoze, mufune wina.

Zomwezi zikukhudzanso inu amene muli ndi galimoto zonyamula nsomba kupita ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe. Pa galimoto, amene amathyoka kwambiri ndi mabawuti a manifodi ya ekizozi, chifukwa amatentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku mpaka chitsulo kutopa. Chizindikiro chake ndi kulira kwa "tchi-tchi-tchi" injini ikadali yozizira ndi mwaye wakuda pambali pa hedi. Njira ya nati ija imagwiranso ntchito, koma batire lichotsedwe mawaya kaye, ndipo pa galimoto za masiku ano zokhala ndi kompyuta m'pofunika kusamala kwambiri. Ngati hedi kapena buloko ndi yachitsulo osati aluminiyamu, kuwotcherera kungamatire, ndiye washala ija isaiwalike. Ntchito imeneyi muziichita pa tsiku lopuma, osati nsomba zaziwisi zili kale m'galimoto, chifukwa wofulumira ndi amene amaboola pambali.

Pobwezeretsa, bowo litsukidwe ndipo liume. Mukasiya madzi kapena oyilo pansi pa bowo lotseka, bawuti ikamalowa imawapanikiza mpaka aluminiyamu kung'aluka. Mabawuti a chivundikiro chimodzi sakhala ofanana kutalika nthawi zonse, choncho pomasula muziwabaya pa katoni molingana ndi malo awo. Yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imagunda pansi, inu n'kumaganiza kuti siinamange, ndiye mumaithyola. Bawuti imene yaonda pakhosi yatanuka kale, itayeni. Pogula yatsopano pewani zija zomangira mageti ndi ngolo, funani yofanana ndi yakale kutalika, mazinga ndi mtundu wa chitsulo. Mabawuti a pampu ndi a mwendo apakeni girisi wosasungunuka m'madzi, osati uja wosakaniza ndi kopa, chifukwa kopa ndi aluminiyamu m'madzi zimadyana. Pomanga, mabuku a Yamaha amanena kuti pamene sipanalembedwe mwapadera, M6 imangidwe pa 8 Nm ndipo M8 pa 18 Nm, muyeso umene umawerengedwa pa sipanala yoyeza mphamvu. Pa M6 imeneyo ndi mphamvu ya zala zitatu pa sipanala yaifupi, osati ya phewa. Mabawuti a hedi ali ndi muyeso wawo ndi dongosolo lawo m'buku, amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, kawiri. Ndipo mukamasintha impela ya pampu chaka ndi chaka monga mmene ziyenera kukhalira, mabawuti ake amamasulidwa n'kupakidwa girisi dzimbiri lisanawagwire.

Zida zimene tatchulazi, sipanala yoyeza mphamvu, madirilo akumanzere, matapu a M6 ndi M8 ndi bokosi la Helicoil, n'zodula kwa munthu mmodzi amene angazifune kamodzi pa chaka. Koma pa doko pamene pali injini khumi kapena makumi awiri, komiti ingathe kukambirana ndi eni injini kuti asonkhe n'kugula bokosi limodzi la onse. Likhale kwa msungichuma, pakhale kope lolembamo wobwereka ndi tsiku, ndipo wothyola dirilo abweze. A Wapampando, nkhani imeneyi tikuisiya m'manja mwanu kuti mukaikambirane pa msonkhano wanu wotsatira.

Tabwera ndi hedi yakale yomwe ili ndi mabawuti awiri othyoka, ili pansi pa mtengo apo. Tikamaliza mafunso, amakanika ndi eni injini tisonkhane pamenepo kuti aliyense agwire panchi ayese kupeza pakati pa chitsa, tione amene dzanja lake silinjenjemera. Amayi amene muli ndi maboti musatsalire, bwerani mudzaone ndi maso anu ntchito imene mumalipira.